Phwete Mliri Uli Pakhomo: Zimene Nthabwala za pa Foni Zinatichitira

 

Ena mwa inu mutamva kuti lero tikamba za nthabwala za pa intaneti pa nthawi ya mliri, mwina munati izi n'zachibwana. Kudabwa kwanu n'komveka. Malinga ndi kaundula wa Unduna wa Zaumoyo, Covid-19 inapha anthu oposa 2,600 m'dziko muno, ndipo kolera ya 2022 ndi 2023 inatenganso oposa 1,700. M'chipinda muno muli ana amasiye, muli amayi ndi abambo amene anaika maliro a anzawo a pabanja ataima patali. Komatu tonsefe tikudziwa chinthu china: masiku omwewo tinkaseka, ndipo tinkaseka kwambiri. Foni imene inkabweretsa uthenga wa maliro m'mawa ndi yomweyo inkabweretsa chithunzi choseketsa madzulo. Ndiye tifunsane: phwete limenelo linkatichitira chiyani, ndipo linayamba liti kutipweteka?

Kuseka pa zovuta sitinaphunzire pa Facebook

Mudzi ukagwa maliro kwathu kuno, anamfedwa sakumba manda. Amakumba ndi adzukulu. Amene munafikako kumanda m'mamawa mukudziwa kuti kumeneko sikukhala zii. Amaseleulana, amamunena malemuyo kuti anali woumira, amaopseza kuti sakwirira mpaka nkhuku ibwere. Kusiwa nako, nyimbo zikayamba kuzilala pakati pa usiku, pamapezeka mayi wina woyambitsa nkhani yoti ngakhale namfedwa amwetulire m'chitenje. Ku Zambia kuli chimbuya pakati pa Angoni ndi Abemba: wa mtundu wina akamwalira, enawo amabwera kudzathira ufa anamfedwa ndi kuwanyogodola, koma ndi omwewo amene amatola nkhuni, kuphika ndi kunyamula bokosi. Gule wamkulu naye amatuluka pa maliro, ndipo zilombo zina zimabwera kudzaseketsa anthu potsanzira chidakwa, mbuli, kapena munthu wosamva malangizo. Mukapita ku Mua, ku nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare, mukaona kuti ngakhale matenda amene anavutitsa makolo athu anasemedwa nkhope.

Katswiri wa chikhalidwe cha anthu A. R. Radcliffe-Brown analemba za maubale onyozana otere mu 1940, ndipo anaona kuti chipongwe chake chimakhala ndi malamulo. Ifenso lamulolo timalidziwa popanda kuwerenga buku: mdzukulu amaloledwa kuseka pamaliro chifukwa wagwira khasu. Mlendo wongodutsa akayesa nthabwala yomweyo amapirikitsidwa. Lamulo limeneli muligwire, chifukwa nkhani yanga yonse yatsamira pamenepo. Nthabwala imathandiza ikachokera kwa munthu amene ali m'vuto lomwelo ndipo akusenza nawo. Imapweteka ikachokera kwa woonerera.

Mmene bwalo linasamukira m'foni

Pa 11 Malichi 2020 bungwe la WHO linalengeza kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse. Pa 20 Malichi Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi, sukulu zinatsekedwa pa 23, ndipo misonkhano ya anthu oposa 100 inaletsedwa. Odwala atatu oyamba anapezeka ku Lilongwe pa 2 Epulo. Kenako boma linalamula m'bindikiro wa masiku 21 woyamba pa 18 Epulo, mavenda anakwiya ku Limbe ndi ku Mzuzu, ndipo pa 17 Epulo Woweruza Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso pa pempho la bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC. M'bindikirowo sunachitike.

Taonani chimene mliriwu unalanda. Njala ikagwa anthu amasonkhana. Kukasefukira madzi anthu amasonkhana. Koma matenda awa ankati mnzako ndiye ngozi yako: usamugwire dzanja, usakhale naye pafupi, usakagone kusiwa. Timati maliro n'kulirana, koma tsopano kulirana kunasanduka mlandu. Malo onse amene Mmalawi amatulirako nkhawa, kutchalitchi, kumzikiti, pabawo, pampira, kuchinkhoswe, anapanikizidwa nthawi imodzi. Chimene chinatsala chotseguka ndi gulupu ya WhatsApp ya banja, ya anzathu a kusekondale, ya kwaya, ya banki m'khonde. Bandulo ya WhatsApp inali yotchipirako kusiyana ndi ya intaneti yonse, choncho kumeneko ndiye kunakhala bwalo.

Ndipo pabwalopo panagwa zinthu. Mukukumbukira mameme a masiki: masiki osokedwa ndi chitenje chofanana ndi diresi, masiki ovalidwa pachibwano ngati ndevu, masiki othandiza kudutsa pamaso pa amene uli naye ngongole osakuzindikira. Panali za abambo amene anatulukira koyamba kuti ana awo amadya kangati patsiku. Panali za zidakwa zonena kuti izo sanitayiza zinayamba kalekale, kungoti zimathira mkati. Panali za munthu wogwira chifuwa m'minibasi mpaka misozi, kuopa kuti akatsokomola atsitsidwa. Misonkhano ya kampeni itadzaza mabwalo pokonzekera chisankho cha pa 23 Juni 2020, panabwera zakuti kachilomboka n'kaulemu, kamalowa m'kalasi ndi m'tchalitchi koma pamsonkhano wa chipani kamaima kunja.

Zina zinkachokera kutali. Anyamata onyamula maliro akuvina a ku Ghana, gulu la Benjamin Aidoo, anali atajambulidwa kale ndi BBC mu 2017, koma mu 2020 kanema wawo anaphatikizidwa ndi nyimbo ya Astronomia n'kufalikira dziko lonse, uthenga wake uli woti ukapanda kusamala akuvinira ndi amenewa. Ku South Africa, pa 23 Epulo 2020, Pulezidenti Cyril Ramaphosa analimbana ndi masiki pa wailesi yakanema mpaka inamutseka m'maso. Dziko linafa ndi phwete, ndipo m'mawa mwake iye mwini anadziseka, n'kunena kuti ayamba kuphunzitsa anthu kavalidwe ka masiki. Nduna Nkosazana Dlamini-Zuma itafotokoza chifukwa choletsera fodya, Max Hurrell anatenga mawu ake n'kupanga nyimbo imene anthu anavina. Nayo Jerusalema ya Master KG ndi Nomcebo Zikode inasanduka gule wa dziko lonse gulu lina la ku Angola litaivina mbale za chakudya zili m'manja, ndipo anamwino ndi madokotala m'maiko ambiri anaivina m'makhonde a zipatala. Abale athu a ku Joni ankatitumizira zonsezi usiku womwewo, ife n'kuzithira mchere wa Chichewa.

Zinthu zinayi zimene phwete linachita

Choyamba chili m'thupi. Robin Dunbar ndi anzake a ku yunivesite ya Oxford anapeza mu 2011 kuti anthu amene angoseka limodzi amapirira ululu nthawi yotalikirapo kusiyana ndi amene aonera zosaseketsa. Iwo anati kuseka kochokera pansi pa mtima kumatulutsa timadzi ta mu ubongo totchedwa endorphin, timene timaziziritsa ululu. Namwino amene waima maola ambiri atavala zovala zotentha zodzitetezera, akaseka mphindi ziwiri ndi anzake, thupi lake lapumadi.

Chachiwiri chili m'maganizo. Mantha aakulu amaumitsa munthu. Chinthu chosaoneka, chopanda mankhwala, chimene mayiko olemera akulephera, umachigwira pati? Nthabwala imachichepetsa kuti chikwane m'dzanja. Mu Disembala 2020 Jessica Gall Myrick wa ku yunivesite ya Penn State ndi anzake anafufuza anthu 748 ku America. Ena anawaonetsa mameme, ena zinthu wamba. Oona mameme ananena kuti mtima wawo wapepukirako. Chochititsa chidwi n'chakuti amene anaona mameme okamba za Covid yeniyeniyo ndiwo anaganizira mozama zimene aona, ndipo anadzimva kuti angathe kulimbana ndi vutolo kuposa amene anaona mameme a nkhani zina. Kuseka mliri, tsono, sikunali kuuthawa. Kunali kuuyang'ana kumaso kwa kanthawi kochepa koti mtima n'kupirira. Kafukufukuyu anachitikira kwina, pa anthu a moyo wosiyana ndi wathu, koma zotsatira zake sizingadabwitse mayi aliyense amene anagonapo kusiwa.

Chachitatu ndi umodzi. Munthu akakutumizira chithunzi choseketsa 11 koloko usiku, uthenga weniweni suli m'chithunzimo. Akunena kuti ndili moyo, ndili maso, ndakukumbukira. Iwe ukayankha ndi tinkhope toseka tija, wanena kuti nanenso ndilipo. Abambo ambiri kwathu kuno sangalembere mnzawo kuti ndikuopa kufa. Koma angathe kutumiza meme ya anyamata a bokosi aja, ndipo mnzawoyo amamva zonse. Kwa amene anali m'chipinda chayekha milungu iwiri, chakudya akumusiyira pakhomo, macheza opanda pake a pagulupu ndiwo ankamukumbutsa kuti akadali munthu pakati pa anthu.

Chachinayi ndi kuyankhula kwa akuluakulu. Nthabwala ya kachilombo kolemekeza misonkhano ya chipani inali funso lenileni: ngati matendawa ndi oopsa moti mwana wanga asapite kusukulu, bwanji inu mukusonkhanitsa chikhamu? Mu 2021 itaphulika nkhani ya K6.2 biliyoni ya Covid, imene gawo lake linathera m'maalawansi ndi m'zogula zokayikitsa, kufikira nduna ya zantchito inachotsedwa mu Epulo, anthu wamba analibe bwalo la milandu lawolawo. Anali ndi foni. Anthu amene sakanawerenga lipoti la wofufuza ndalama za boma anamva nkhaniyo kudzera m'zithunzi zoseketsa, ndipo anaimvetsa bwino lomwe.

Pamene phwete linasanduka poizoni

Katswiri wina wa zamaganizo, Rod Martin wa ku Canada, anagawa kaseketsedwe m'mitundu inayi mu 2003: koseketsa kuti anthu agwirizane, kodzilimbitsa wekha mtima pa zovuta, konyoza ena, ndi kodzinyazitsa kuti anthu akulandire. Iwiri yoyambayo imayenda ndi mtima wathanzi, inayo ayi. M'mliri wathu mitundu yonseyi inalipo, ndipo inkayenda m'gulupu imodzi.

Poizoni woyamba anali kukana. Miyezi yoyamba ija kunali nthabwala zoti awa ndi matenda a azungu, a anthu okwera ndege, a mabwana a ku Area 10 ndi ku Nyambadwe. Zoti munthu wokulira pa nsima ya mgaiwa ndi malungo sangagwe ndi chimfine. Zinkaseketsa, ndipo zinkatonthoza, koma munthu akamaliza kuseka ankavula masiki. Ku Tanzania, Pulezidenti John Magufuli atanena mu Meyi 2020 kuti papaya ndi mbuzi zapezeka ndi kachilombo, nkhaniyo inadutsa malire ngati nthabwala, koma inasiya anthu ambiri akukayikira kuyezetsa kulikonse. Mankhwala a zitsamba a ku Madagascar amene Pulezidenti Andry Rajoelina anawatamanda mu Epulo 2020 anayendanso motero, theka nthabwala theka chikhulupiriro.

Kenako inafika Januwale 2021. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Mwezi womwewo tinataya oimba Maria Chidzanja Nkhoma ndi Wambali Mkandawire. Okosijeni anasowa, bwalo la masewero la Bingu linasanduka chipatala, anthu anathamangira mandimu, jinja ndi masamba a bulugama. Pa sitetasi panadzaza zithunzi za makandulo. Nthabwala sizinathe, koma zinasintha: zoti matendawa kulibe zinachita manyazi n'kuzimirira, kunatsala zakuda zija za anthu amene akudziwa kuti mawa akhoza kukhala iwo. Mu Ogasiti chaka chomwecho, mliri ukadali mkati, anatisiyanso Eric Mabedi, Jakobo wa m'zisudzo za Izeki ndi Jakobo, amene anaseketsa dziko lino zaka zambirimbiri.

Poizoni wachiwiri anali kusala. Kumapeto kwa Meyi 2020 anthu mazanamazana obwerera kuchokera ku South Africa anathawa pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre, kumene anasungidwa podikira zotsatira, akudandaula za chakudya ndi zimbudzi. Nthabwala zambiri sizinaloze amene analephera kukonza malowo. Zinaloza matchonawo, ngati kuti iwo ndiwo matenda. Izitu tinaziona kale. Edzi itapezeka m'dziko muno mu 1985 tinaipatsa maina ambiri: kaliwondewonde, magawagawa, matenda a boma. Ena mwa mainawo anatithandiza kutchula chinthu chimene pakamwa pankakana. Koma ena ankaloza thupi la wodwala, ndipo anthu ambiri anafera m'nyumba kuopa kusekedwa pa mzere wa kuchipatala. Mawu oti ili mu ufa ankamveka anzeru, koma ankatanthauza kuti palibe chodzitetezera. Ma ARV atayamba kuperekedwa ulere mu 2004, omwa mankhwalawo anayamba kunena okha kuti akukawonjezera mayunitsi. Imeneyo inali nthabwala ya mwini khasu, ndipo inachotsa manyazi m'malo mowabweretsa. Akuluakulu anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza.

Poizoni wachitatu anali bodza lovala nthabwala. Katemera woyamba, wa AstraZeneca wokwana 360,000, anafika pa 5 Malichi 2021 kudzera mu COVAX. Anapeza mafoni atadzaza kale ndi za 666, za kusabereka, za kufa pakatha zaka ziwiri. Zambiri zinkayenda ngati zoseketsa, ndipo ukamufunsa wotumizayo ankati ndimangocheza. Koma azakhali a kumudzi amene anawerengeredwa uthengawo ndi mdzukulu wawo sanamve kuti n'zocheza. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Mu Meyi 2021 dziko lino linatentha katemera oposa 19,000 amene anatha mphamvu. Anafika masiku ake atatsala ochepa, inde, koma mantha a anthu anachedwetsanso mzere. Eni WhatsApp anali ataona kale vutoli, moti mu Epulo 2020 anachepetsa katumizidwe ka mauthenga oyendayenda kuti azipita kwa munthu mmodzi kapena gulupu imodzi pa nthawi. Kolera itabuka ku Machinga mu Malichi 2022 n'kufalikira dziko lonse, mphekesera zoti azachipatala akubaya anthu dala zinafika poti zipatala zina zinaphwanyidwa ndipo ogwira ntchito anathawa.

Pali ngozi inanso yobisika. Kuseka kumatsitsa mkwiyo, ndipo nthawi zina mkwiyowo umafunika. Tikaseka za mabiliyoni osowa kwa sabata imodzi n'kupita ku nkhani ina, wakuba amapuma bwino. Meme sigula silinda ya okosijeni, sikumba mjigo ku Mgona kapena ku Ndirande. Tikumbukirenso kuti Amalawi ambiri pa nthawiyo analibe intaneti. Phwete la pafoni linali la m'tauni ndi la achinyamata makamaka. Kumudzi kunkafika zotsalira zake, nthawi zambiri nthabwala itagwa m'njira n'kutsala bodza lokha.

Tichitenji tsono

Kwa inu nonse okhala ndi foni, ndikusiyirani mafunso awiri oti muzidzifunsa chala chisanadine. Loyamba: akusekedwa ndani? Ngati ndi tonsefe, kapena matendawo, kapena wamphamvu amene walephera udindo wake, tumizani. Ngati ndi wodwala, wamasiye, mtundu wa anthu, kapena namwino, isiyeni ifere m'foni mwanu. Lachiwiri: amene aseke uyu, akamaliza achita chiyani? Asamba m'manja, kapena ataya sopo? Apita kukabayitsa, kapena abisa mwana? Ma adimini a magulupu, inu ndinu mafumu a mabwalo atsopanowa. Mfumu siletsa macheza, koma imadziwa pomuuza munthu kuti apa mwalumpha malire.

Kwa inu a zaumoyo: musamaone oseketsa anthu ngati adani a uthenga wanu. Chikalata cha unduna cha masamba awiri, cholembedwa m'Chingerezi cha ku ofesi, sichingapikisane ndi kanema wa masekondi makumi awiri. Itanani a zisudzo, ojambula ndi achinyamata a pa TikTok mliri usanafike, muwapatse mfundo zoona, kenako muwasiye alankhule m'chinenero chawo. Nthabwala yolembedwa ndi komiti siseketsa munthu. Komanso muziwerenga zimene anthu akuseka. Nthabwala za katemera zinayamba katemerayo asanatsike ndege. Amene akanazitchera khutu akanadziwa mafunso oyenera kuyankhidwa pa wailesi, pa Chipatala cha pa Foni ndi kwa alangizi a zaumoyo m'midzi. Ndipo inu eni, amene mumaona imfa tsiku ndi tsiku, musadziimbe mlandu mukaseka m'chipinda chopumira. Chachikulu n'chakuti zisafike m'khutu la wodwala kapena la mlonda wake, ndipo nkhope ya wodwala isalowe m'foni. Mukaona kuti mnzanu akungoseka zakuda zokhazokha, tulo sakugona, mowa wachuluka, mukhale naye pansi. Pamenepo nthabwala yasiya kumuthandiza ndipo akufunika munthu womumvetsera.

Kwa a boma ndi apolisi: lamulo la 2016 loona za pa intaneti lisakhale chibonga chomenyera aliyense woseka bwana. Kusiyanitsa bodza lopha anthu ndi chipongwe chowawa m'khutu la nduna ndi ntchito yanu. Mukatseka pakamwa poseka, mphekesera ndiyo imatsala, ndipo imeneyo imayenda mobisa kumene simungaiyankhe.

Pomaliza, kwa inu aphunzitsi ndi ophunzira a m'mayunivesite athu. Mbiri ya miliriyi ikulembedwa ndi manambala: odwala angati, omwalira angati, ndalama zingati. Koma mmene Mmalawi wamba ankamvera mu Epulo 2020 kapena mu Januwale 2021 zili m'zithunzi, m'mavoisi ndi m'timakanema timene tikutha tsiku lililonse foni ikabedwa kapena ikadzaza. Zisonkhanitseni, mufufute maina ndi manambala a anthu, mulembe tsiku ndi kumene zinachokera, muzisunge m'malaibulale anu ndi ku nyumba yosungira mbiri ya dziko ku Zomba. Mliri wina udzabwera, ndipo amene adzakhale pa udindo nthawi imeneyo adzafunika kudziwa zimene anthu ake amaopa, zimene amakhulupirira, ndi amene amamumvera. Zambiri mwa zimenezo tinazinena tikuseka.